MDINA, MZINDA WOSUNGA MFUNGULO

Pakati pa Nyanja ya Mediterranean, kumwera kwa Sicily ndi kumpoto kwa gombe la Afrika, pali cisumbu cacing'ono dzina lace Malta. M'litali mwace muli makilomita 27, m'mimba mwace makilomita 14 okha. Cilibe mtsinje woyenda caka conse, ndipo nthaka yace njosaya, yoyalidwa pa thanthwe. Koma popeza ciri pa njira ya zombo, ndiponso ciri ndi madoko akuya, mafumu amphamvu a mibadwo yambiri anacikhumbira nacilimbirana.

Ana a sukulu amacidziwa cisumbuci ndi dzina la Melita, cifukwa ndi komwe combo ca Paulo cinasweka pa ulendo wa ku Roma. Koma ndi owerengeka amene anamva za Mdina, mzinda wa malinga wokhala pa phiri pakati pa cisumbuco, umene unali likulu lace zaka zoposa 2,000. Mbiri ya Mdina ndiyo mbiri ya anthu ocepa, amene analibe mphamvu yoletsa alendo kuwalamulira, koma anaphunzira kugwira wolamulira aliyense pa mau ace.

CIYAMBI CA MZINDA

Oyamba kumanga mzinda pa phirilo anali Afoinike, amalonda a pa nyanja ocokera ku dera la Turo ndi Sidoni, amene anafika zaka ngati 700 Kristu asanabadwe. Anasankha malowo mwanzeru. Phirilo liri kutali ndi gombe, kumene acifwamba a pa nyanja akadawadzidzimutsa usiku. Pafupi pace pali akasupe a madzi. Ndipo munthu woima pamwamba pace amaona minda yonse kufikira ku nyanja. Pambuyo pa Afoinike cisumbu cinakhala m'manja mwa abale ao a ku Carthage, kufikira caka ca 218 Kristu asanabadwe, pamene Aroma anacilanda.

Aroma anacha cisumbu ndi mzinda womwe dzina limodzi, Melite. Mzinda wa masiku ao unali waukulu katatu kuposa Mdina wa lero, pakuti unafika mpaka m'kati mwa mudzi woyandikana nao wa Rabat. M'caka ca 1881 anchito okumba pansi kunja kwa linga anapeza mabwinja a nyumba ya Mroma wina wolemera, pansi pace pali zithunzi zokongola zopangidwa ndi timiyala tating'ono ta mitundumitundu. Ndipo popeza lamulo la Aroma linaletsa kuika maliro m'kati mwa mzinda, anthu anasema manda m'thanthwe kunja kwace, tinjira ndi tizipinda tambirimbiri pansi pa nthaka, momwe anaikamo akunja, Ayuda ndi Akristu. Mandawo alipobe ku Rabat.

Paulo anafika m'masiku amenewo, ca m'ma 60. Buku la Macitidwe a Atumwi linena kuti anthu onse 276 a m'combomo anapulumuka, kuti anakhala pa cisumbupo miyezi itatu, ndi kuti mkulu wa cisumbu, dzina lace Publius, anawacereza, ndipo Paulo anaciritsa atate wace. Mwambo wa anthu a ku Malta umaonjezapo kuti Publius ndiye anakhala bishopu wao woyamba, kuti chalichi cacikulu ca Mdina cinamangidwa pa malo a nyumba yace, ndi kuti Paulo anakhala m'phanga lina la ku Rabat, limene anthu amapitako kukapemphera kufikira lero.

AARABU NDI CINENERO CA MALTA

Ufumu wa Roma utagawika, Malta anakhala pansi pa mafumu a ku Byzantium, kufikira caka ca 870, pamene Aarabu ocokera ku dera la Tunisia anazinga Melite naupasula. Wolemba mbiri wina Mwarabu, al-Himyari, analemba kuti cisumbu cinakhala ngati bwinja nthawi yaitali, mpaka Asilamu ena anadzamanganso mzindawo ca m'ma 1048. M'zaka za pakati pa ulamuliro wa Byzantium ndi wa Aarabu mzinda unacepetsedwa kuti ukhale wosabvuta kuuchinjiriza: anakumba ngalande yakuya nadula nayo nsonga ya phiri. Gawo la m'kati mwa linga linachedwa Mdina, ndiko kunena mzinda m'Ciarabu, ndipo gawo lotsala kunja linachedwa Rabat, ndiko kunena mudzi wa kunja kwa linga.

M'caka ca 1091 Roger, mkulu wa Anormani amene analanda Sicily, anaoloka nyanja nafika pa cipata ca Mdina. Eni mzinda anagonja, nabvomera kupereka msonkho ndi kumasula akapolo Acikristu. Pang'onopang'ono cisumbu cinabwerera ku Cikristu, ndipo m'zaka za m'ma 1200 Cisilamu cinatheratu. Koma cinenero sicinacoke. Cimalta ca lero cinaphuka ku Ciarabu ca nthawi imeneyo, ngakhale cinatola mau ambiri a ku Sicily, a ku Italy ndi a Cingerezi, ndipo cimalembedwa ndi malemba a Ciroma. Mkristu wa ku Malta popemphera amachula Mulungu kuti Alla, ndipo nyengo ya kusala kudya isanafike Paskha amaicha Randan.

CISUMBU CIPEREKEDWA CIKOLE

Kuyambira 1283 Malta anali wa mafumu a ku Aragon, m'dziko la Spain, amene analamuliranso Sicily. Mafumuwo anakhala kutali, ndipo nkhani za tsiku ndi tsiku zinali m'manja mwa bungwe la akulu a ku Mdina lochedwa Università. Dzinali silinena sukulu ai, koma msonkhano wa eni dziko. Bungwelo linayang'anira mitengo ya zakudya, kugula tirigu ku Sicily, kukonza malinga ndi kuika alonda m'mbali mwa nyanja. Mtsogoleri wa mzinda anthu anamucha Ħakem. Cobvuta cinali cakuti mfumu ikasowa ndalama, inkapereka cisumbu conse kwa nduna yolemera, monga munthu apinyolitsa munda pamodzi ndi olimamo.

Cotero m'caka ca 1421 Mfumu Alfonso V, pofuna ndalama za nkhondo zace, inapereka Malta ndi cisumbu cinzace ca Gozo cikole pa ndalama za golidi 30,000 zochedwa maflorini. Wogwira cikoleco anali Gonsalvo Monroy, ndipo iye anafinya anthu kuti cuma cace cibwere ndi phindu. Mu 1425 a ku Gozo anapanduka, ndipo caka cotsatira a ku Malta anacita cimodzimodzi: anafunkha nyumba ya Monroy ku Mdina, natsekereza mkazi wace m'linga la ku doko la Birgu. Pamenepo akulu a mzinda anacita cinthu cosamveka kawirikawiri. Anatumiza nthumwi kukanena kuti eni dziko adzasonkha okha ndalama zonsezo ndi kudziombola. Katunduyo anali wolemera pa cisumbu cosauka, ndipo sanathe kumaliza msanga. Monroy ali pafupi kufa, mu 1429, anawakhululukira gawo la ngongoleyo.

Cimene anagula ndi nsembe imeneyi cinali kalata. Pa 20 Juni 1428 Alfonso anatsimikiza kuti zisumbuzo zidzakhala pansi pa mfumu yokha, kuti sizidzaperekedwanso kwa munthu wina aliyense, ndi kuti ngati wina adzayesa kutero, anthu ali ndi ufulu wokana ndi dzanja lamphamvu osayesedwa opanduka. Kuyambira nyengo imeneyo Mdina anadziwika ndi dzina laulemu la Città Notabile, Mzinda Womveka. Caka cotsatira, 1429, gulu lalikulu la nkhondo locokera ku Tunis linazinga mzindawo. Linagwira anthu ambiri a m'midzi kupita nao ku ukapolo, koma malinga a Mdina sanagwe.

M'zaka zomwezo munakhala mu Mdina munthu wophunzira, mmodzi wa akulu a bungwe, dzina lace Pietru Caxaro, amene anamwalira mu 1485. Anzace onse polemba anagwiritsa nchito Cilatini kapena cinenero ca ku Sicily, koma iye anapeka ndakatulo m'cinenero ca amace, yodandaula za nyumba imene inagwa cifukwa inamangidwa pa dothi lofewa. Mbale wace wina anaikopera pa masamba otsala a buku la mapangano, ndipo inagona momwemo mpaka 1966, pamene Godfrey Wettinger ndi wansembe Mikiel Fsadni anaipeza. Ndakatuloyo, yochedwa Il-Kantilena, ndiyo yakale koposa zonse zolembedwa m'Cimalta.

MFUNGULO ZIPEREKEDWA KWA ALENDO

Lonjezo la Alfonso linakhala zaka 102. Mu 1530 Mfumu Charles V, wolowa m'malo mwa mafumu a ku Aragon, anapereka Malta, Gozo ndi Tripoli kwa Ankhondo a Yohane Woyera. Awa anali gulu la cipembedzo la ana a mabanja omveka a ku Ulaya, olumbira kusamala odwala ndi kumenya nkhondo, amene Aturuki anawapitikitsa ku cisumbu ca Rhodes mu 1522. Msonkho wao kwa mfumu unali mbalame imodzi ya mtundu wa kabawi caka ndi caka. Eni dziko sanafunsidwe.

Akulu a ku Mdina anaikumbukira kalata ya 1428, koma analibe mphamvu yolimbana ndi mfumu yaikulu koposa onse ku Ulaya. Cimene anakhoza ndi ici: mu Novembala 1530, pamene Mkulu wa gululo, Philippe Villiers de L'Isle-Adam, anakwera ku Mdina, anayamba walumbira kuti adzasunga ufulu ndi miyambo ya eni dziko, ndipo atatero ndi pamene anampatsa mfungulo za mzinda. Mwambowo unakhazikika, kotero kuti Mkulu watsopano aliyense anayenera kukwera phirilo, kulumbira, ndi kulandira mfungulo m'manja mwa akulu a mzinda.

Kulumbira nkosabvuta, kusunga ndiye nchito. Ankhondowo anali anthu a zombo, ndipo anakhazika likulu lao ku doko la Birgu. Pang'onopang'ono analanda misonkho ndi mphamvu za Università. Sing'anga wina wa ku Mdina, Ġużeppi Callus, analemba kalata yodandaulira mfumu ya ku Spain za kuphwanyidwa kwa malonjezo. Kalatayo inagwidwa, ndipo iye anapacikidwa ku Rabat mu 1561, m'masiku a Mkulu Jean de Valette.

NKHONDO YA 1565

Ngakhale panali cidani cotere, mdani wa kunja anawagwirizanitsa. Mu 1551 Aturuki anafika pansi pa malinga a Mdina, koma anatembenukira ku Gozo, kumene anagwira anthu pafupifupi 5,000 kupita nao ku ukapolo. Mu Meyi 1565 Sultan Suleiman anatumiza asilikali oposa 25,000 kuti athetse gulu la Yohane Woyera. Atsogoleri ao analunjika ku malinga a ku doko nasiya Mdina, umene malinga ace anali okalamba ndi asilikali ace ocepa. Kumeneko kunali kulakwa kwakukulu. Makalata a de Valette opempha thandizo ku Sicily anadzera ku Mdina. Asilikali oyamba obwera kudzathandiza anadzeranso komweko. Ndipo apakavalo onse a gululo anabisala m'kati mwa malinga ace.

Pa 7 Ogasiti Aturuki anaukira Birgu ndi Senglea ndi mphamvu zao zonse, ndipo malinga anatsala pang'ono kugwa. Tsiku lomwelo apakavalo a ku Mdina, motsogozedwa ndi Vincenzo Anastagi, anatsika phiri nagwera misasa ya Aturuki ku Marsa, imene inatsala yopanda alonda okwanira. Anatentha mahema, napha amene anawapeza, odwala ndi olasidwa omwe. Aturuki poona utsi kumbuyo kwao anayesa kuti gulu lalikulu la ku Sicily lafika, ndipo anabwerera cigonjetso ciri kale m'manja. Anthu a ku Malta amasimbanso kuti pamene Aturuki anadza kudzayesa Mdina nkhondo iri pafupi kutha, kazembe wa mzinda, Mesquita, anabveka alimi ndi akazi zobvala za asilikali nawaimika pa malinga, naombetsa mizinga ngati kuti wonga ngwosatha, ndipo adaniwo anabwerera. Thandizo lenileni linafika pa 7 Sepitembala, ndipo Aturuki anacoka.

MZINDA WAKALE

Mphotho ya Mdina inali kuiwalika. Mu 1566 de Valette anaika mwala woyamba wa mzinda watsopano pa doko, Valletta, ndipo mu 1571 gulu lonse linasamukira kumeneko. Anthu anayamba kucha Mdina Città Vecchia, Mzinda Wakale. Malonda ndi nchito zinatsikira ku nyanja, ndipo anthu anazitsata. Ngakhale madzi a akasupe a ku dera la Rabat anatengedwa m'ngalande ya miyala, yomangidwa pakati pa 1610 ndi 1615, kukamwetsa Valletta. Otsala pa phiri anali mabanja akale omveka, ansembe a chalichi cacikulu, ndi asisitere a nyumba zotsekedwa.

Pa 11 Januwale 1693 cibvomezi cacikulu cimene cinapasula mizinda ya ku Sicily cinagwedezanso Malta, ndipo chalichi cakale ca Mdina cinaonongeka kwambiri. Mmisiri wa ku Malta komweko, Lorenzo Gafà, anamanga catsopano, cimene cinapatulidwa mu 1702 ndipo ciripo kufikira lero. Kuyambira 1722 Mkulu António Manoel de Vilhena anakonzanso mzinda ndi dzanja la mmisiri Charles François de Mondion. Cipata cacikulu cimene alendo amalowera lero cinamangidwa mu 1724. Pafupi pace panamangidwa nyumba yacifumu ya Vilhena, ndipo m'kati mwa mzinda nyumba yatsopano ya bungwe, Banca Giuratale.

MZINDA WAKALE UDZUKA

Akale anati mlendo ndi mame. Ankhondo a Yohane Woyera anakhala zaka 268, koma anakamuka m'masiku owerengeka. Mu Juni 1798 Napoleon, ali pa ulendo wa ku Egypt, anaima ku Malta, ndipo gululo linagonja. Akulu a ku Mdina anapereka mzinda popanda nkhondo, atalonjezedwa kuti cipembedzo, katundu ndi ufulu wa anthu zidzalemekezedwa. Afalansa anacita zina zabwino: anamasula akapolo, nalamula kuti kutsegulidwe sukulu za ana. Koma posowa ndalama anayamba kutseka nyumba za amonke ndi kutenga siliva wa m'machalichi.

Pa Sabata, 2 Sepitembala 1798, anchito a boma la Afalansa anafika ku Mdina kudzagulitsa katundu wa chalichi ca Akarimeli. Khamu linasonkhana, mabelu analira, ndipo mkulu wa asilikali, Masson, anaponyedwa pansi kucokera pa khonde la nyumba yosanja ku Rabat, nafa. M'mawa mwace anthu a m'midzi analowa mu Mdina pa kakhomo ka kuseri, napha asilikali Acifalansa amene anali m'katimo. Pa 4 Sepitembala atsogoleri a anthu, pakati pao Emmanuele Vitale, anasonkhana mu Banca Giuratale nakhazika boma la eni dziko. Afalansa anatsekerezedwa mu Valletta zaka ziwiri. Anthu a m'midzi anawazinga pamtunda, zombo za Angerezi ndi Apwitikizi zinawazinga pa nyanja, ndipo njala ndi nthenda zinapha eni dziko ambiri. Koma pa 5 Sepitembala 1800, pamene Afalansa anagonja, anagonjera Angerezi, ndipo pa pangano la kugonjako panalibe dzina la munthu wa ku Malta ngakhale mmodzi.

Mau a akulu akoma akagonera. Mu Juni 1802 nthumwi za midzi ya ku Malta zinalemba cikalata ca ufulu wao. Zinabvomera mfumu ya ku Britain kukhala mfumu yao, koma zinanenetsa kuti mfumuyo iribe mphamvu yopereka zisumbuzo kwa wina aliyense. Anali maganizo omwe aja a 1428, atagona zaka 374. Komabe pangano la ku Paris la 1814 linapereka Malta kwa Britain, ndipo cisanafike caka ca 1820 Bwanamkubwa Thomas Maitland anathetsa Università. Ufulu weniweni unacedwa mpaka pa 21 Sepitembala 1964, mwezi umodzi Zambia asanalandire wace. Cimalta, cimene kale ciyesedwa cinenero ca kukhichini ndi kumunda, cinabvomerezedwa ndi boma mu 1934, ndipo kuyambira 2004 ciri cimodzi mwa zinenero za boma za European Union.

MDINA LERO

Lero m'kati mwa malinga mumakhala anthu osafika 300, ndipo mzindawo umachedwa Mzinda Wacete. Misewu yace njopapatiza ndi yokhotakhota, nyumba zace nza mwala wacikasu wa pa cisumbu pomwepo, ndipo magalimoto ololedwa kulowa ndi owerengeka. Nyumba ya Vilhena tsopano imasunga zoonetsa za miyala, mbalame ndi zamoyo zina. Nyumba yakale yophunzitsira ansembe imasunga cuma ca chalichi. Ndipo mu Banca Giuratale mumasungidwa mabuku a milandu ya masiku a Ankhondo aja. Pa 29 Juni, tsiku la Petro ndi Paulo, alimi amacitabe cikondwerero cakale ca Imnarja, ndipo akavalo ndi abulu amathamanga mpikisano pa msewu wokwera ku Rabat.

Mabvuto a mzindawo tsopano ndi ena. Pansi pa thanthwe la phirilo pali dothi lofewa, longa lija analidandaula Caxaro, ndipo mbali zina za malinga zinayamba kung'aluka ndi kutsetsereka. M'zaka za pakati pa 2008 ndi 2016 panacitika nchito yaikulu yozilimbitsa. Usana alendo odzaona malo amadzaza misewu, ndipo phindu lao ndi lomwe limathandiza kukonza nyumba, koma phokoso lao limalemetsa eni mudzi ocepa otsalawo.

Mphunzitsi wofotokozera ana ulendo wa Paulo angacite bwino kuwaonetsa kadontho ka Malta pa mapu, ndi kuwauza kuti anthu amene anasonkhera moto alendo opulumuka m'nyanja aja anali ndi mbiri yaoyao. Mibadwo yotsatira pa cisumbupo inalamulidwa ndi Byzantium, Aarabu, Anormani, Aragon, Ankhondo a Yohane Woyera, Afalansa ndi Angerezi. Malonjezo amene anapatsidwa anaphwanyidwa kawirikawiri, ndipo ena anafera kuwakumbutsa. Koma popeza anawalembetsa, nasunga makalata ace, nawawerengera ana ao, mbadwo uliwonse unadziwa cimene unali nao mangawa kwa olamulira. Olamulirawo onse anapita. Mzinda uli pa phiri pomwe, ndipo cinenero ca Pietru Caxaro cikumvekabe m'misewu yace.